Kukonzera Galimoto ya 4x4 Misewu ya Dzinja kwa Mavwere

Galimoto ya 4x4 ndi imene injini yake imatha kutumiza mphamvu ku matayala onse anayi, pomwe galimoto wamba imayenda ndi mphamvu ya matayala awiri okha. Pa msewu wa tala wa M12, wochokera ku Lilongwe kukafika kumalire a Zambia, kusiyana kumeneku sikuoneka kwenikweni. Kumaoneka munthu akapatuka pa Waliranji kulowa m'midzi ya kwa Mavwere mu Januwale kapena Febuluwale, katondo akuterera ngati therere, madambo atakhuta madzi, ngolo zitakumba mizere iwiri yakuya mumsewu. Kumayiko ngati Australia ndi South Africa anthu ambiri amasintha magalimoto otere kuti akasangalale m'thengo. Kuno amene amayenda misewu imeneyi ndi ambulansi, alangizi a zaulimi, a mipingo ndi ogula mtedza ndi soya, ndipo galimoto ikatitimira pamakhala wodwala kapena katundu amene wagona panjira.

Poyambira ndi zimene galimoto inabwera nazo kuchokera kufakitale, chifukwa madalaivala ambiri amatitimira ndi mphamvu zomwe sanazigwiritse ntchito. Toyota Land Cruiser 70, yomwe inayamba kupangidwa mu 1984, ndi Hilux zambiri zili ndi giyabokosi yachiwiri yaing'ono kumbuyo kwa yaikulu. Imeneyi ndi imene ili ndi magiya a 2H, 4H ndi 4L, omwe pa Toyota amalembedwa H2, H4 ndi L4. Pa 2H amakankha ndi matayala akumbuyo okha, ndipo ndi poyendera pa tala. Pa 4H onse anayi amagwira ntchito. Pa 4L liwiro limatsika pafupifupi kawiri ndi theka, mphamvu yokoka n'kukwera chimodzimodzi, moti galimoto imakwawa pang'onopang'ono osapsereza kilatchi. Magalimoto akale ndi ena atsopano ali ndi mahabu pakati pa matayala akutsogolo, olembedwa FREE ndi LOCK. Dalaivala ayenera kutsika, n'kupotoza kachitsulo ka pahabu ndi zala mbali zonse ziwiri msewu usanaipe. Akaiwala, kandodo ka giya kakhoza kukhala pa 4H koma kutsogolo kulibe chikukoka, ndipo amadzazindikira ali chogwada m'matope, akufufuza habu ndi manja pansi pa madzi.

Pa tala wouma galimoto yamtundu umenewu siyenera kuyenda pa 4H. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa dothi loterera kusiyanako kumathera pa kutsetsereka pang'ono kwa tayala, koma pa tala kulibe kothera, ndiye zitsulo za m'kati zimapotana mpaka chiwongolero kuuma, giya kukana kuchoka, penanso mano kuthyoka.

Chosintha choyamba, chimenenso chimabweza ndalama zake, ndi matayala. Galimoto yonse yagona pa malo anayi, aliwonse aakulu ngati chikhatho, ndipo mphamvu ya injini imadutsa pamenepo basi. Tayala la pa tala lili ndi mizere yothithikana. Likalowa m'makande mizereyo imadzaza nthawi yomweyo n'kusanduka chibumba chosalala. Tayala lolembedwa M/T lili ndi mano akuluakulu otalikirana omwe amalavula matope likamazungulira, koma pa tala limasokosera, limatha msanga ndipo siligwira bwino mvula ikagwa. Lolembedwa A/T lili pakati pa awiriwa. Kwa galimoto imene imathera masiku ambiri pa M12 n'kumalowa m'midzi mwa apo ndi apo, A/T ya nthiti zolimba ndi yokwanira. Imene ntchito yake ndi ya m'madambo dzinja lonse ikuyenera M/T. Chofunika ndi chakuti onse anayi, ndi la sipeyala lomwe, akhale a msinkhu umodzi. Kuphatikiza matayala a kaunjika a misinkhu yosiyana pa 4x4 kumadya mwakachetechete madifu, zibumba zachitsulo zokhala pakati pa matayala.

Mpweya wa m'tayala ndi chida chaulere chomwe ambiri sachidziwa. Kuutsitsa kuchoka cha m'ma 35 psi kufika cha m'ma 22 kapena 25 kumachititsa tayala kufutukuka, malo ogunda pansi n'kutalika, ndipo galimoto imayandama pamchenga ndi pamatope m'malo mokumba. Wotsitsa mpweya ayenera kuyenda pang'onopang'ono ndi kupopanso asanakwere pa tala, apo ayi tayala limatentha n'kuphulika. N'chifukwa chake kageji ka mpweya ndi pampu yolumikiza kubatire ziyenera kugulidwa chitsulo china chilichonse chisanagulidwe.

Nkhani yokweza galimoto ndi imene anthu amaisokoneza kwambiri. Masipuling'i aatali amakweza chasisi ndi thupi la galimoto, zomwe zimathandiza kuti mimba isagunde pamtumbira kapena potsika m'khwawa. Koma difu, chibumba chachitsulo chija chili pakati pa matayala akumbuyo, imakhala pomwe inali. M'mizere ya ngolo ndi mathirakitala, chomwe chimakhala pa dothi lapakati n'kusiya matayala akuzungulira m'malere ndi difu yomweyo, ndipo imakwera ndi kukula kwa tayala kokha. Masamu ake ndi awa: tayala la 265/70R16 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 777, la 265/75R16 ndi 804. Kusiyana ndi mamilimita 27, koma difu imakwera ndi theka lake, 13 okha. Tayala lalikulu kwambiri limakhula m'madigadi pokhota, limafooketsa mabuleki, limawonjezera mafuta, ndipo sipidomita imayamba kusonyeza liwiro lochepa kuposa lenileni.

Kukweza ndi mamilimita 40 kapena 50, ndi masipuling'i ndi mashock opangidwira galimotoyo, kulibe vuto lalikulu. Kupitirira apo mavuto amayamba, makamaka pa Hilux za masiku ano zomwe tayala lililonse lakutsogolo limadziyendera palokha. Ma CV joint ake amayamba kugwira ntchito atapindika kwambiri, malabala ake amang'ambika, mchenga n'kulowa. Komanso galimoto yaitali imagubuduka mosavuta, ndipo misewu ya m'midzi yambiri ndi yopendekera ku ngalande. Palinso chizolowezi chofala m'magalaja athu chowonjezera masamba a sipuling'i kumbuyo kuti pikapu isakhale pansi ikasenza matumba. Galimoto imaoneka yowongoka ndithu, koma ekiselo, mabeling'i, chasisi ndi mabuleki ndi zomwe zija. Kulemera kumene galimoto inaloledwa kusenza kunalembedwa pa kachitsulo ka fakitale, ndipo tsamba la sipuling'i silikusintha. Chasisi yothyoka kuseri kwa kabini kawirikawiri imakhala ya galimoto yotere.

Difu ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulimvetsa. Ntchito yake ndi kulola matayala awiri a ekiselo imodzi kuzungulira pa liwiro losiyana pokhota. Kuipa kwake, tayala limodzi likakhala poterera limangozungulira lokha, linzake lomwe laponda polimba litangoima. Motero 4x4 ikhoza kukanika ndi tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo zikumwaza matope. Difu loko imamanga matayala awiriwo kuti azungulire limodzi. Magalimoto ena amabwera nayo kale ndipo imayatsidwa ndi batani. Pa ena ikhoza kuikidwa. Pa zonse zogula ndi ndalama zambiri, difu loko yakumbuyo ndi imene imasinthadi kayendedwe ka galimoto m'dambo. Iyatsidwe pa liwiro lotsika malo oipa asanafike, n'kuzimitsidwa akangodutsa.

Madzi ali ndi malamulo awo. Mitsinje ing'onoing'ono yothira mu Bua imatha kusefukira pa timilatho mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamalopo kuli dzuwa. Injini ya dizilo imafinya mpweya kwambiri. Ya 1HZ ya malita 4.2, yomwe ili mu Land Cruiser zambiri, imaufinya kopitirira ka 20. Madzi safinyika. Akalowa pang'ono chabe m'silinda, chitsulo chogwira pisitoni chimapindika, injini n'kufa pomwepo. Snorkel, paipi yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo, imasamutsa polowera mpweya kupita pamwamba, ndipo m'chilimwe imathandizanso kuti injini isamwe fumbi lambiri la pansi. Koma siisandutsa galimoto bwato. Opanga Land Cruiser 70 ndi Hilux zatsopano amanena kuti madzi asapitirire mamilimita 700, ndipo muyeso umenewu ndi wa madzi odikha. Madzi othamanga amakankha galimoto chammbali ngakhale ali ochepera apo. Pamene munthu sangathe kuwoloka wapansi, galimoto isayesere.

Chimene chimaiwalika ndi kabowo kopumira ka difu ndi giyabokosi. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kuyamwa madzi. Galimoto imapitiriza kuyenda ngati palibe chachitika. Patapita masabata, makaniko amamasula bawuti yapansi, ndipo m'malo mwa oyilo woyera bwino mumatuluka zamadzimadzi zotuwa ngati tiyi wamkaka, mano a difu atayamba dzimbiri. Kulumikiza kapaipi kuchokera pa kabowoko kukafika pamwamba m'boneti ndi ntchito ya maola ochepa, yotsika mtengo, ndipo ife amakaniko timaona madifu ambiri omwe akadapulumuka nayo.

Zitsulo zakutsogolo, makeriyala apadenga ndi nyali zambirimbiri ndi zomwe zimakopa maso. Chilichonse mwa izi chimadya gawo la kulemera komwe galimoto ikadasenza. Bulubala yowotcherera pamsika ikhoza kusokoneza ma airbag, ndipo imavulaza koopsa woyenda pansi kapena wa kabaza ikamugunda. Katundu wolemera padenga amawonjezera kugubuduka. Chitsulo choteteza pansi pa injini ndi thanki ndicho chili ndi phindu looneka m'misewu ya miyala ndi zitsa.

Winchi ndi yothandiza ngati pali pomangirira, koma pakati pa dambo mitengo imasowa. Iyenera kukhala yotha kukoka kamodzi ndi theka kulemera kwa galimoto itasenza. Nthawi zambiri khasu, fosholo, jeke yabwino ndi thabwa loikira pansi pake, ndi chingwe cholimba zimatulutsa galimoto msanga. Chingwe chimangidwe pa zokolera zomangidwa ku chasisi ndi mabawuti olimba. Kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo sikanapangidwire ntchito imeneyi: kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, ndipo kapha anthu m'mayiko ambiri. Kumudzi galimoto ikatitimira anthu amasonkhana kudzathandiza, ana ali patsogolo. Chingwe chisanakokedwe, aliyense asunthe mtunda woposa kutalika kwa chingwecho.

Galimoto yosinthidwa imayenerabe kupambana COF ku Road Traffic monga ina iliyonse, ndipo kampani ya inshuwalansi iyenera kuuzidwa zimene zasinthidwa, chifukwa ikhoza kukana kulipira ngozi ikachitika. Nthawi yabwino yogwira ntchito zonsezi ndi Seputembala ndi Okutobala, misewu ikadali youma. Mwini galimoto wa ndalama zochepa ayambe ndi kuonetsetsa kuti mahabu ndi 4L zikugwira, agule matayala asanu ofanana ndi pampu, akweze mapaipi opumira, ndipo aike khasu ndi chingwe kumbuyo mvula yoyamba isanagwe.