Kufotokoza Njira ya Winsor m'Chicheŵa

Alembi omasulira malipoti a kafukufuku wa m'mabanja amakumana ndi liwu lachingerezi lakuti winsorizing. Liwuli linachokera pa dzina la Charles P. Winsor, katswiri wa ziŵerengero wa ku America amene anamwalira mu 1951. Popeza ndi dzina la munthu, kalembedwe kake sitikasintha. Tilembe kuti "njira ya Winsor". Komabe dzina palokha silimuuza kanthu woŵerenga, choncho mlembi ayenera kulongosola chimene chimachitika.

Tiyerekeze kuti wofufuza waŵerenga ng'ombe za mabanja khumi m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni, kummwera kwa Mzimba, ndipo wapeza 1, 2, 2, 3, 3, 4, 4, 5, 6 ndi 70. Avereji yake ndi 10, chonsecho mabanja asanu ndi anayi sakufikapo n'komwe. Khola limodzi lakoka onse. Potsata njira ya Winsor, nambala yakumapeto imapatsidwa mtengo wa inzake yoyandikana nayo: 70 asanduka 6, ndipo 1 asanduka 2. Avereji tsopano ndi 3.7, koma mabanja akadali khumi.

Apa ndi pamene mneni woti "kudula" amasokeretsa. Kudula ndi njira ina, yotchedwa trimming, imene imachotseratu mabanja aŵiri akumapetowo n'kutsala asanu ndi atatu. Mu njira ya Winsor palibe wochotsedwa. Ife tikuona kuti "kubwezera kumalire" ndi mawu oyenera, ndipo akonzi asalole aneni aŵiriŵa kusinthana m'nkhani imodzi.

Nayonso nambala ngati 70 ili ndi vuto lake. N'chapafupi kumasulira outlier kuti "nambala yolakwika", koma kutero n'kuweruza mlandu usanazengedwe. Ku Mzimba, kumene anthu ambiri amapita kukagwira ntchito ku Joni ndi kutumiza ndalama kumudzi, banja loposa anzake kutalitali likhoza kukhala lenileni. Mwinanso wolemba anangowonjeza 0 pa 7. Mawu oti "nambala yopatuka" amalola zonse ziŵiri.

Mkonzi aonetsetsenso kuti nkhani yatchula pamene malire anaikidwa. M'chitsanzo chathu tabweza banja limodzi mwa khumi kumbali iliyonse. Ngati izi sizinalembedwe, mphunzitsi wa pa boma la Mzimba sangathe kubwereza samuyo ndi ophunzira ake, ndipo woŵerenga adzayesa kuti m'mudzimo mulibe khola loposa ng'ombe 6.