Munthu wamtali ndi galimoto: zonena za anthu ndi zoona zake

Tikamagula galimoto, mafunso athu amadziwika: imamwa mafuta bwanji, masipeyala ake amapezeka, msonkho wake ukhala ndalama zingati. Funso loti kodi woyendetsayo akwanamo bwino limabwera mochedwa, galimoto itadutsa kale pa Songwe. Munthu wa msinkhu wapakati sadandaula kwenikweni, chifukwa pafupifupi galimoto iliyonse imamulandira. Wamtali ndiye amavutika ndi msana, mawondo ndi khosi, ndipo pa ngozi moyo wake umakhala pachiswe kuposa mmene akuganizira. Popeza magalimoto ambiri timachita kuitanitsa ku Japan titangoona zithunzi pa foni, timadalira malangizo a anzathu. Ena mwa malangizowo ndi osocheretsa, ndipo ndi bwino tiwaunike.

Chikhulupiriro: Munthu wamtali amafunika galimoto yaikulu.

Zoona zake: Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukula kwa galimoto kunja sikutsimikiza kuti woyendetsa ali ndi malo. Taonani mapikiapu ambiri a twin cab. Bodi yake imakhazikidwa pamwamba pa chasisi, motero popondapo mapazi pamakhala pokwera. Mpando umayandikana ndi pansipo, ndipo wamiyendo yaitali amakhala mawondo ali m'mwamba, pafupi ndi chiwongolero. Utali womwe timausirira uja umathera ku boneti ndi kumbuyo konyamulira katundu.

Magalimoto ena aang'ono ali ndi denga lalitali modabwitsa. Daihatsu Tanto ndi yotalika pafupifupi mamita 1.75 kuchokera pansi kufika padenga, Toyota Sienta pafupifupi 1.67, pomwe Corolla ya saluni ili cha m'ma 1.46. Komabe denga lokha silikwanira. Timagalimoto ta gulu la kei, monga Tanto, Mira ndi Alto, malamulo a ku Japan satilola kupitirira mamita 3.4 m'litali ndi 1.48 m'lifupi, ndipo injini yake imalekezera pa 660cc. Wamtali wowonda akhoza kukhalamo mwamtendere, koma wamtali wamapewa aakulu adzapeza chigongono chili pachitseko, phewa lili pa mnzake.

Chikhulupiriro: Magalimoto a ku Japan anapangidwira anthu aafupi.

Zoona zake: Vitz yomwe yadzaza m'misewu yathu ndi yomweyo imene ku Ulaya amaitcha Yaris. Honda Fit kumeneko ndi Jazz, Mazda Demio ndi Mazda2, Nissan March ndi Micra. Magalimoto amenewa akhala akugulitsidwa ngakhale ku Netherlands, komwe kuli anthu atali kwambiri. Opanga magalimoto amakonza malo a woyendetsa kuti akwane anthu ochuluka, kuyambira mkazi wamfupi kufika mwamuna wamtali. Mwa zidole zoyesera ngozi zotchedwa Hybrid III, choimira mwamuna wa msinkhu wapakati ndi chotalika pafupifupi masentimita 175, ndipo choimira mwamuna wamkulu thupi pafupifupi 188. Amene wapitirira pamenepo adziwe kuti ali kumapeto kwa muyeso, galimoto ichokere ku Japan kapena ku Germany, ndipo ayenera kusankha mosamala kuposa wina aliyense.

Chosiyanitsa chenicheni ndi giredi ya galimotoyo. Magalimoto awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi amatha kusiyana m'kati. Ya giredi yotsika nthawi zambiri ilibe chotsitsira mpando, ndipo chiwongolero chake chimangokwera ndi kutsika, osasololoka kubwera kwa woyendetsa. Kwa wamtali, zinthu ziwiri zimenezi nzofunika kuposa wailesi ndi marimu onyezimira.

Chikhulupiriro: Vuto ndi miyendo basi, ukakankhira mpando kumbuyo, zatha.

Zoona zake: Anthu awiri a msinkhu umodzi sakhala mofanana pampando. Wina utali wake uli m'miyendo, wina uli m'thunthu, kuchokera m'chiuno kufika kumutu. Aliyense ali ndi vuto lakelake, ndipo galimoto yomukomera woyamba ikhoza kumuzunza wachiwiri.

Wamiyendo yaitali akakankhira mpando mpaka pothera, miyendo imapuma koma chiwongolero chimatalikira. Amachifikira motambasula mikono, mapewa atachoka pampando. Pa ulendo wa makilomita oposa 300 wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, kukhala kotereku kumaumitsa khosi, ndipo kukhota mwadzidzidzi pozemba dzenje kapena wanjinga kumavuta. Chomuthandiza ndi chiwongolero chosololoka. Aonenso pomwe bondo lamanzere likugunda. M'magalimoto ena pakati pa mipando iwiri yakutsogolo pamakhala pokwera ndi potambalala, ndipo bondo limatsamira pulasitiki yolimba ulendo wonse. Mu Passo zambiri giya ili pambali pa chiwongolero, choncho pakatipo pamatsala malo. Galimoto ya otomatiki imamupeputsiranso ntchito, chifukwa bondo silikwera ndi kutsika poponda kilatchi.

Wathunthu lalitali amalimbana ndi denga komanso kuona. Maso ake amakhala kumtunda kwa galasi lakutsogolo, kotero kuti akaima patsogolo pa maloboti amachita kuwerama kuti aone ngati abiriwira. Galasi loonera kumbuyo limamutchinga mbali yakumanzere, komwe kumakhala oyenda pansi ndi akabaza. Iyeyu afunika mpando wotha kutsika ndi galasi lakutsogolo lalitali. Apewenso galimoto ya sunroof: makina otsegulira amabisala m'denga ndipo amadya masentimita angapo, omwe kwa iye ndi amtengo wapatali, makamaka pamahampu.

Chikhulupiriro: Mutu ukamagunda denga, ingogonekani mpando.

Zoona zake: Apa ndi pomwe nkhaniyi imasiya kukhala ya kutopa n'kukhala ya moyo. Lamba wogwira paphewa ndi m'chiuno, yemwe Nils Bohlin anakonza ndipo anayamba kuikidwa m'magalimoto a Volvo mu 1959, anapangidwira munthu wokhala tsonga. Mpando ukagonekedwa kwambiri, lamba wa paphewa amachoka pachifuwa. Galimoto ikawomba chinthu, thupi limaterereka kudutsa pansi pa lamba wa m'chiuno. Lambayo, m'malo mogwira mafupa olimba a m'chiuno, amalowa m'mimba n'kuvulaza ziwalo zam'kati, mawondo n'kumenya dashibodi. Kupendeketsa mpando pang'ono sikulakwa. Koma ngati njira yokhayo yokwaniramo ndi kuyendetsa mutagona chagada, galimotoyo si yanu, ngakhale mtengo wake ukome bwanji.

Chikhulupiriro: Chotsamira mutu nchopumulira chabe; chikamasowetsa mtendere, chichotseni.

Zoona zake: Ntchito yake imaoneka tsiku lomwe wina wakugundani kumbuyo. Mpando umakankha thupi kupita kutsogolo, mutu n'kutsalira, ndipo khosi limapindikira kumbuyo mwamphamvu. Chotsamiracho chimagwira mutu kuti uyendere limodzi ndi thupi. Kuti chithandize, pamwamba pake pafanane ndi pamwamba pa mutu wanu, ndipo chikhale pafupi ndi nkhongo. Chikalekezera pakhosi, monga zimachitikira kwa atali ambiri, mutu umapindikira pamwamba pake ndipo kuvulala kumatha kukula. Pogula, chikokereni m'mwamba mpaka pothera, muone ngati chikufika. Onaninso ngati pomangirira lamba pafupi ndi chitseko pamakwera, kuti lambayo adutse pakati pa phewa, osati kutsetsereka pamkono.

Chikhulupiriro: Zikavuta, owotcherera adzasunthira mpando kumbuyo.

Zoona zake: Amisiri athu ndi aluso, koma zitsulo zomwe mpando umayendapo si za bedi kapena geti. Zinayesedwa kuti zipirire mphamvu ya ngozi, ndipo m'magalimoto ambiri polowetsa lamba panamangiriridwa kumpando komweko. Mukadula zitsulozo, kuzilumikiza ndi zina kapena kuboola mabowo atsopano pansi, palibe amene angakutsimikizireni kuti mpando sudzazuka pa ngozi. Mpando ukazuka, lamba amapita nawo. Kuusunthira kumbuyo kuposa mmene anaukonzera kumasokonezanso mmene lamba wa paphewa amakhalira pathupi, ndipo kumalanda malo a wokhala kumbuyo, yemwe kawirikawiri amakhala mwana wanu.

Chikhulupiriro: Zithunzi ndi manambala a pa intaneti nzokwanira.

Zoona zake: Manambala amathandiza kuchepetsa mndandanda, koma sanena mmene mpando wapindikira, mmene denga latsetserekera, kapena ngati ntchafu zanu zikhala ndi potsamira. Musanatumize ndalama, pezani galimoto ya mtundu womwewo, ya chaka chomwecho, kwa mnzanu kapena kumalo ogulitsira magalimoto m'tauni, mupemphe kukhalamo. Funsaninso wogulitsa akutumizireni chithunzi cha m'mbali mwa mpando ndi pansi pa chiwongolero, kuti muone zosinthira zomwe zilipo.

Mukakhala pampando, yambani ndi kuutsitsa. Kenako usuntheni mpaka mutatha kuponda buleki mpaka pansi bondo likadali lopindika pang'ono. Imikani chotsamira msana, mapewa akhudze mpando, ndipo tambasulani mkono: polumikizira dzanja pafike pamwamba pa chiwongolero. Pakati pa chifuwa ndi chiwongolero patsale masentimita osachepera 25, kuti airbag ikhale ndi malo ofufumira. Pakati pa mutu ndi denga palowe chibakera. Chotsani phazi pa moto kupita pa buleki mofulumira kangapo, muone ngati bondo silikukola chiwongolero. Tulukani, khalani kumbuyo kwa mpando womwe mwaukonzawo, muone ngati pakwana munthu. Mwini wake akalola, yendetsani kwa theka la ola, mumsewu wa phula ndi wafumbi womwe, chifukwa dzanzi la mwendo silibwera pa mphindi ziwiri.

Msinkhu wanu sudzasintha, ndipo galimoto mudzakhala nayo zaka zambiri. Ngati yalephera mayeso amenewa, isiyeni, mufunefune ina. Pa magalimoto onse omwe amalowa m'dziko muno, yokukwanani ilipo, ndipo nthawi zambiri si yodula kuposa inayo.