Nyuzi m'Chilomwe zidabwera, nanga za Chilwa zili kuti?

Mukafika kwa Mwambo ku Zomba, pamsika wa Jali kapena padoko la Kachulu, mumva Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Koma kwa zaka 26 wailesi ya MBC inkadziwa zinenero ziwiri basi.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa MCP udagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinenero za dziko lino, ndipo Chitumbuka adachichotsa pawailesi. Chidabwerera mu 1994 a Bakili Muluzi atalowa m'boma. Mu 1996 kudabwera nyuzi za m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, Chitonga n'kutsatira mu 1997. Apa boma lidakhoza. Kumva chinenero cha mayi wako pawailesi ya dziko si nkhani yamasewera ayi, makamaka kwa Alomwe amene ambiri mwa ana awo adachitaya kale.

Vuto lidali lakuti nyuzizo zinkangotanthauziridwa kuchokera ku Chingerezi, mphindi zochepa chabe. Nduna yatsegula msonkhano, pulezidenti wabwera kuchokera kunja, nyuzi zathera pomwepo. Kumeneko ndi kumpatsa mlendo mbale yokongola mulibe nsima.

Taganizani, abale. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1995, idaphwanso kwambiri mu 2018, matemba ndi milamba n'kusowa. Kolera amavuta asodzi ogona m'zimbowera pakati pa nyanja. Msodzi ngati ameneyu akufuna amve kuti nyanja aitseka liti, Likangala wasefukira kapena ayi, matemba akugula bwanji ku Limbe. Ndipo inu amalonda a nsomba m'tauni, nkhani zomwezi ndi zimene zimasunga mpamba wanu.

Ku Slovakia, wailesi ya boma ili ndi nthambi yakeyake, Rádio Patria, youlutsa makamaka m'chinenero cha anthu ochepa a mtundu wa ku Hungary okhala m'dzikomo. Iwo adapereka nthambi yathunthu. Ife tingalephere mtolankhani mmodzi wa Chilomwe kapena Chiyao wokhala konkuno kunyanja?

Inunso ophunzira a ku Chirunga, Centre for Language Studies ili pakhomo panu kuyambira 1996, ndipo Kachulu si kutali. Pitani mukatole nkhani kwa eni ake m'chinenero chawo, kenaka mukagogode ku MBC. Wailesiyo timailipira tonse ndi misonkho yathu, wa kwa Mwambo yemwe.