Kupita kuntchito osaima pamzere wa mafuta

Mafuta akasowa m'dziko muno, mizere ya galimoto pamalo omwetsera imakhota mpaka kutseka misewu. Anthu amagona m'galimoto, ena atafungatira zigubu, kudikira thanki yomwe palibe akudziwa tsiku lofika. Zinatero mu 2011 ndi 2012, zinabwerera mu 2022, ndipo chakumapeto kwa 2024 zinafikanso posauzana.

Gwero la vutoli si lobisika. Dziko la Malawi silikumba mafuta. Lita iliyonse ya petulo ndi dizilo imadzera ku madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo imagulidwa ndi madola. Ndalama zakunja zikachepa, mapampu amauma. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta sunachedwe kukwera.

Magetsi ndiye ndi athuathu. Ambiri mwa iwo Egenco imawapanga mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ena akuchokera kudzuwa, mamegawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti. Munthu woyendetsa galimoto ya magetsi amayenda ndi mphamvu yopangidwa konkuno.

Galimoto yotereyi imayenera kwambiri munthu wa ulendo umodzimodzi tsiku lililonse. Wochokera ku Area 25 kupita ku City Centre, kapena ku Bangwe kupita ku Ginnery Corner, safikitsa makilomita 50 kupita ndi kubwera. Nissan Leaf ya batire la 40 kWh, likakhala labwino, imapyola makilomita 200 isanafune kutchajidwanso. Mwini wake amangoilumikiza kumagetsi madzulo akafika pakhomo, m'mawa n'kuipeza itakhuta.

Za m'thumba nazo zimaoneka msanga. Pa makilomita 100, galimoto yaing'ono ya magetsi imadya mayunitsi pakati pa 15 ndi 20, pamene inzake ya petulo imamwa malita 6 kapena 7. Tengani lisiti la Escom ndi la pamalo omwetsera mafuta, muwerengere nokha. Pothithikana mumsewu wa Masauko Chipembere, injini ya petulo imapitiriza kumwa ngakhale galimoto itaima. Ya magetsi imangokhala duu, ndipo ikamachepetsa liwiro kapena kutsika mtunda, mphamvu ina imabwerera m'batire. Kugalaja nako ntchito ndi yochepa, poti ilibe oyilo wa injini, mapulagi kapena ekizozi. Utsi kulibenso, zomwe ndi phindu kwa mwana woyenda m'mbali mwa msewu ndi mayi wogulitsa pafupi ndi depoti.

Mayiko ena anatsogola kale. Ethiopia, yomwe nayo imavutika ndi madola ogulira mafuta koma ili ndi magetsi amadzi ochuluka, inaletsa mu 2024 kuitanitsa galimoto zing'onozing'ono za petulo ndi dizilo. Ku Norway, chaka chomwecho, pafupifupi galimoto 9 mwa 10 zatsopano zinali zamagetsi.

Zovuta zilipo ndithu. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anathimathima kwa chaka ndi miyezi. Malo otchajira m'misewu ndi ochepa, choncho ulendo wa makilomita opyola 300 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre umafuna kuukonzekera. Amakaniko odziwa galimotozi ndi owerengeka, komanso batire limafooka ndi zaka, makamaka kumalo otentha ngati ku Chigwa cha Shire.

Komabe kwa woyenda m'tauni, batire lodzaza limamusunga masiku atatu kapena anayi, moti magetsi atathima usiku umodzi sangalephere kupita kuntchito.

Ngati mukuganiza zogula, yambani mwawerenga makilomita omwe mumayenda patsiku. Itanani katswiri wa zamagetsi aone mawaya a pakhomo panu, ndipo ngati galimotoyo ndi yogwirapo kale ntchito, musapereke ndalama musanapimitse mphamvu yotsala m'batire lake.