Kabelu ka M'kompyuta: Kamvereni Musanakatontholetse

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse, makamaka inu a m'tauni ya Livingstone, phunziro lathu lero likunena za kaphokoso kamene kamasokoneza kalasi. Mwana ali mkati molemba pa kiyibodi, mwadzidzidzi kompyuta imalira kuti "piii!" Anzake amacheuka, iye nachita mantha poganiza kuti waononga makina. Kawirikawiri sakhala ataononga kanthu.

Kulira kumeneku nkwakale. Makina akale otumizira mauthenga pa waya anali ndi belu lenileni loitanira wogwira ntchito. Pamene zilembo za makina zinapatsidwa manambala m'dongosolo la ASCII mu 1963, belulo linalandira nambala 7. Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba ku Finland mu 1991, imene aliyense ali ndi ufulu woisintha, inasunga mwambo womwewo.

Tsono yambani mwamva chimene kabeluko kakunena. Pali kulira kwa mitundu itatu.

Koyamba ndi kwa kamodzi, pamene mukulemba malamulo pa terminal. Kumamveka mukakanikiza Backspace pamzere wopanda chilembo, kapena Tab pamene kompyuta sikudziwa mawu oti imalizitse. Apa palibe vuto.

Kwachiwiri ndi kosalekeza. Nthawi zambiri batani lina lakanirira pansi. Inu a ku Livingstone mukulidziwa fumbi la mwezi wa Okutobala. Limalowa pansi pa mabatani pamodzi ndi nyenyeswa za chakudya. Zimitsani kompyuta, tembenuzani kiyibodi, ndi kuigwedeza pang'ono.

Kwachitatu ndi kobwerezabwereza mukangoyatsa, sikirini ili bii. Kumeneku nkudandaula kwa ziwalo zamkati, monga memory. Musakutontholetse, itanani wokonza makina.

Ngati kuli kulira koyamba kuja, mphunzitsi angathe kukuletsa. Tsegulani fayilo yotchedwa .inputrc, kapena muipange ngati palibe, mulembemo mawu akuti set bell-style none, kenaka mutsegulenso terminal. Pa makompyuta oyendera dongosolo la X, lamulo lakuti xset b off limathandizanso, koma limaiwalika makina akazimitsidwa. Phokoso likamachokera m'kasipika kam'kati mwa bokosi, lembani sudo rmmod pcspkr. Kuti lisabwerenso mawa, ikani mawu akuti blacklist pcspkr m'fayilo ya dzina lothera ndi .conf, m'foda ya /etc/modprobe.d.

Aphunzitsi, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, muyese, ndi kulemba m'kope zimene mwachita, kuti wobwera pambuyo panu asavutike. Ndipo inu ana, musachite izi panokha. Mukamva kulira, onani batani limene munakanikiza, muuze aphunzitsi. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kabelu aka nako nkamnansi: kamvereni poyamba, kukatontholetsa kubwere pambuyo.