Kudikirira pakhomo kapena kuchidikiro?

Mimba ikalowa mwezi wachisanu ndi chinayi, banja la ku Mitundu kapena ku Nathenje limakhala ndi funso limodzi: mayi adikirire pakhomo mpaka matenda ayambe, kapena anyamuke msanga kukakhala kuchidikiro cha pachipatala?

Katundu wake ndi yemweyo. Anamwino akusikelo amakhala atanena kale: zitenje zochapa bwino, beseni, pepala la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano, ulusi, sopo ndi tochi. Ambiri sagula zovala za mwana asanabadwe, poti akuluakulu amati kutero n'kuputa tsoka, ndiye chitenje chimakhala malaya oyamba a khanda. Chosiyana ndi malo amene katunduyo adikirire.

Ubwino wa pakhomo ndi woonekeratu. Mayi amagona pamphasa yake, amadya nsima ya m'nkhokwe mwake, amaona ana akupita kusukulu. Ngati ndi nyengo yopalira kapena yothyola fodya, mwamuna ndi apongozi sachoka kumunda. Koma matenda sasankha ola. Wa pafupi ndi msika wa Nathenje ali ndi mwayi, chifukwa msewu wa M1 uli pakhomo ndipo galimoto sizisowa. Wa m'midzi yoyandikira nkhalango ya Dzalanyama, amene chipatala chake chachikulupo ndi cha Mitundu, nkhani yake ndi ina. Pakati pa usiku, mvula ikugwa, mlatho utamira, wakabaza amakana kapena kutchula mtengo woti banja silinakonzekere. Pamenepo ndi pamene ena amafikira pa mwanamphepo, mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, amene amatha kung'amba chiberekero.

Chidikiro nacho sindingachikometsere. Mayi amapita ndi womudikirira, kawirikawiri mayi ake kapena apongozi, atasenza ufa, nyemba, nkhuni ndi mapoto. Masiku akapitirira, ufa umatha, ndipo mwamuna amapalasa njinga kukapereka wina. Ana otsala amagawidwa kwa azakhali. Palinso kutopa kwa mumtima: anzako amene unawapeza akuchira n'kumapita ndi makanda kumbuyo, iwe udakali pomwepo, ukuwerenga masiku amene mwina unawaphonya. Ndimawamvetsa amayi amene amati, "Ine ndinachirira pakhomo ana atatu, chavuta n'chiyani lero?"

Komabe mtima wanga uli kuchidikiro. Zimene zimapha amayi pobereka zimabwera mwadzidzidzi: kutaya magazi kwambiri, kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka, mwana kugona mopingasa kapena kukanika kutuluka. Mayi wotaya magazi atangobereka angathe kutisiya m'maola awiri okha. Ali pachipatala, namwino amamubaya jakisoni wothandiza chiberekero kubwerera, ndipo zikakula ambulansi imamutengera ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe. Ali pakhomo, maola awiriwo amathera pofunafuna njinga. Paja timati munthu ndi wapakati, kutanthauza kuti ali pakati pa moyo ndi imfa.

Dziko lathu layenda mtunda pankhaniyi. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, ndipo ngakhale Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri anapitiriza kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pamudzi. Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 analimbikitsa uchembere wabwino ndi kumanga nyumba zodikirira. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse ankaberekera kuchipatala. Chindapusa cha mbuzi, kunena zoona, chimandiwawa chikagwera mayi amene anachirira panjira chifukwa chosowa ndalama ya kabaza.

Si aliyense ayenera kunyamuka. Mayi wathanzi, wokhala pafupi ndi chipatala cha Nathenje, amene ali ndi ndalama yaulendo yosungidwa padera ndi nambala ya wanjinga wodalirika, angathe kudikirira pakhomo. Koma wa mimba yoyamba, woyembekezera mapasa, amene anachitidwapo opaleshoni, wotupa miyendo ndi nkhope, kapena wokhala kutsidya kwa mtsinje, apite msanga. Ndipo inu bambo, chimanga chokadya kuchidikiro muchipatule mimba ikadali ndi miyezi isanu ndi umodzi, nkhuni muwaziretu, mugwirizane ndi amayi anu za amene adzatsale ndi ana.