M'BAWA NDI MLOMBWA

Lero tikambirane za mitengo iwiri imene ocheka matabwa aifuna koposa: m'bawa ndi mlombwa.

Yonse iwiri ichita maluwa, koma si pachibale ai. Mlombwa ndi wa banja la nyemba, nandolo ndi mtedza. Maluwa ake ndi achikasu, onunkhira, ndipo mukautema utuluka utomoni wofiira ngati magazi. Ukonda kumtunda kouma. Akatswiri autcha Pterocarpus angolensis. M'bawa ndi mbale wake wa nimu. Maluwa ake ndi aang'ono, oyera. Chipatso chake chikauma ching'ambika ndi kutaya njere zamapiko. Ukonda m'mbali mwa mitsinje. Dzina lake ndi Khaya nyasica, lochokera ku Nyasa, koma mabuku ena alemba Khaya anthotheca.

Bungwe la IUCN, limene liwerengera zamoyo zimene ziri kutha pa dziko lonse, linaika m'bawa pa gulu la mitengo imene iri pangozi mu 1998. Mlombwa linaupenda mu 2018, ndipo linati sunafike pangozi, popeza umera m'maiko ambiri, kuyambira ku Tanzania kufikira ku South Africa.

Koma musanyengedwe. Chiwerengero chimenecho ndi cha maiko onse pamodzi, si cha mudzi wanu. M'bawa mukaudzala pachinyezi ukula msanga. Mlombwa uchedwa kwambiri. Ukali waung'ono uuma pamwamba chaka ndi chaka, muzu wokha ndiwo ukula pansi, ndipo moto wa tchire uubwezera m'mbuyo. Mukadula mlombwa lero, wina wonga umenewo adzacheka ndi adzukulu anu.

Mu 2022, ku Panama, maiko a m'pangano la CITES anagwirizana kuti matabwa a mitengo yonse iwiri asaoloke malire popanda chilolezo. Lamulo limeneli likhudzanso chipata chathu cha Muloza.

Tsono tichite chiani? M'bawa tidzale. Fesani njere zake zikangogwa, pakuti sizikhalitsa, ndipo mbande muoke m'gombe la mtsinje wa Muloza. Nonse munaona m'mene madzi a Freddy anaonongera kuno mu 2023. Mlombwa tiusunge pamene uli. Ulambulireni udzu moto usanayambe, ndipo polima musazule timitengo take.

Inu mafumu, munthu akadza ndi sowo m'mudzi mwanu, yambani mwaona kalata yake yochokera ku ofesi ya za nkhalango. Tsalani bwino.